Mazana Awiri M'bwalo Limodzi

Pa Gulf Complex, m'kachipinda kanga kam'mwamba,
momwe ndimamasula mabokosi a gemu
n'kuuzira fumbi la Harare lotsamwitsa mafani,
Chiletso walowa nkhani ili kale kukamwa:
"Amalume, akuti ikubwera gemu ya mfuti
ya anthu mazana awiri m'bwalo limodzi!
Onse amoyo, onse akuwomberana!"

Ndaika pansi kawaya ndi sodala.
Ndati, mwana wa mchemwali wanga, kokera kuno ndowayo ukhalire, tiwerenge.

Iwe ukangosuntha phazi,
uthenga unyamuke pano,
ukwawe m'chingwe chokwiriridwa kulowera ku Beitbridge,
ukagogode pa seva ku Joni,
sevayo iuze ena onse, mmodzimmodzi,
kuti Chiletso wasuntha.
Nawonso sanaime chilili.
Pensulo yayenda kuseri kwa lisiti:
mazana awiri, aliyense kumva za mnzake,
ndi timauthenga pafupifupi zikwi makumi anayi,
osati pa tsiku, osati pa ola,
koma ka makumi atatu sekondi isanathe.

Munashe wa mafoni wasuzumira pakhomo,
kukamwa kuli chingamu.
"Mudhara, musamuopseze mwana. Amachita kuzemba.
Ukaima pa Copacabana sumva oitanira makombi onse,
umamva amene ali m'khutu mwako.
Seva nayo imatero:
wapafupi imakuuza msangamsanga,
wakutali imachita kukumbukira."

Zoona. Koma kuzemba kuli ndi mtengo wake.
Kabokosi aka kali ndi mutu umodzi
ndipo kakatentha kamalira ngati chigayo.
Kuti anthu achuluke, pafe kanthu:
ayamba kumweta udzu,
kenaka achotse mithunzi,
khoma lomwe likadagumuka ndi bomba liumitsidwe gwa,
mdani wa kuphiri uko asanduke kamtengo koyenda modumphadumpha,
opanda nkhope, opanda mpweya.
Mazana awiri, inde,
koma m'dziko lometedwa mpala.

Nanga dzulo unatukwaniranji sikirini?
Unathawira kuseri kwa khoma, unabisala bwinobwino,
chipolopolo n'kukupeza komweko.
Sikuti mnzakoyo ndi mfiti.
Iye amakhala pafupi ndi seva,
anakuona pomwe unali, osati pomwe uli,
ndipo seva inakhulupirira amene anafika msanga.
Unafa kale, Chiletso,
unkangoyenda poti uthenga unali usanakupeze.

Apa ndakhala chete pang'ono.
Kalata ya maliro a agogo ako
inachoka ku Dedza, inagona m'mapositi,
inatipeza ku Mbare patatha masabata atatu.
Masabata atatu onsewo bambo anga ankawasungira shuga ndi bulangete
ankanena za iwo ngati munthu woti adzuka mawa.
Sindinamuuze mwanayu zimenezi.
Ndangotola sodala, yazizira.

Ndiye phethi!
Magetsi apita.
Masikirini anayi athima pamodzi ngati apangana,
pansi wina watukwana m'Chishona,
wina akukoka chingwe cha jenereta, ikutsokomola, ikukana.
Bwalo lonse la nkhondo latsala fungo la pulasitiki wotentha.

Mumdimamo Chiletso sanagonje.
"Komabe, amalume, zitheka kapena sizitheka?"

Zitheka, mphwanga.
Adzagula maseva onenepa, adzadula apa, adzanamiza diso apo,
ndipo tsiku lina nambala idzakwana pakona ya sikirini.
Iwe udzakhala wa mazana awiriwo,
mfuti m'manja, mtima phaphapha,
ukuthamanga m'mbuyo mwa anzako ndi kamphindi kamodzi
kochepa kuposa kuphethira,
kokwanira kukuika m'manda.

Iye waseka, wapukuta chogwirira pa malaya.
"Ndiye ndiziwombera kutsogolo kwawo," watero,
"pomwe sanafike."

Jenereta yagwira.
Ndamupatsa mphindi makumi awiri zaulere,
ine ndabwerera ku fani yanga yotsamwa.